Mphuno zatseka, mafupa akuphwanya, muli ndi pakati: musathamangire kugolosale

Amayi anga a ku Mtunthama, ku Wimbe, ku Chamama ndi midzi yonse yozungulira, nkhaniyi ndi yanu. Nanunso azibambo ndi apongozi amene mumawerengera anzanu pafoni, musachoke, nkhaniyi ndi yanunso.

Pali madandaulo awiri amene amayi oyembekezera satchula msanga kusikelo. Timawayeza BP, timawakweza pasikelo, timamvetsera mtima wa mwana, ndipo tikafunsa ngati pali vuto amati palibe. Akamamanga chitenje kuti azituluka m'pamene amanena chapansipansi kuti, "Koma anesi, mphunozi zinatseka kalekale, usiku ndimapumira kukamwa." Ena amati, "Chiunochi ndi mawondowa, ndikakhala pansi kuti ndidzuke ndi nkhondo." Tikafunsa chimene amwapo, yankho limakhala lomwe lija: bulufeni, indosidi, kapena timapilisi ta chimfine ta pagolosale.

Ndinene poyambirira pomwe. Kutseka kwa mphuno ndi kuwawa kwa chiuno pazokha kawirikawiri sizivulaza mwana. Zimene zimandisowetsa tulo ndi zina ziwiri: mankhwala amene mumamwa kuti mupezeko bwino, ndi matenda akulu amene amadza atavala nkhope ya chimfine ndi kuphwanya m'thupi.

Sindikukudzudzulani ayi. Ndikudziwa kuti golosale ili pafupi pomwe chipatala chili kutali, kuti kabaza amafuna ndalama, ndiponso kuti fodya akapsa m'munda sadikira munthu. Mayi amene wagula bulufeni si wosasamala. Akufuna agwire ntchito mawa. Choncho ndikuuzani zimene mungachite pakhomo popanda kuika mwana pachiswe, kenako ndikuuzeni pamene muyenera kusiya zonse n'kunyamuka.

Tiyambe ndi mphuno.

Mayi akakhala ndi pakati magazi amachuluka m'thupi, moti pofika miyezi yomaliza amakhala atawonjezereka pafupifupi ndi theka la mmene analili kale. Mahomoni a mimba nawo amafutukula timitsempha ta magazi. M'kati mwa mphuno muli kakhungu kofewa kodzadza ndi timitsempha timeneti, ndiye kakatupa njira ya mpweya imachepa. Mumamina koma palibe chotuluka, kapena mumangotuluka timadzi toyera. Ena amayamba kuliza mkonono amene sanalizepo chibadwire. Ena akamina mwamphamvu amaona timagazi, mwinanso kamfuno. Izi zimachitikira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi asanu alionse oyembekezera. Si chimfine chopatsirana, ndipo zimatha zokha pasanathe masabata awiri mayi atachira.

Kwathu kuno pali zinthu zimene zimakolezera vutoli. Juni ndi Julayi usiku kumazizira ndipo mpweya umakhala wouma. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi fumbi lokhalokha, kuphatikiza utsi wa tchire limene anthu akutentha. Pakhitchini pali utsi wa nkhuni chaka chonse. Ndiye pali fumbi la fodya nthawi yosankha ndi kudinda mabelo asanapite ku Chinkhoma, fumbi lija loyabwa limene limayetsemulitsa ngakhale munthu amene ali bwinobwino.

Mankhwala oyamba a mphuno zotseka muli nawo kale m'nyumba: madzi ndi mchere. Wiritsani madzi mpaka abwate, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda pang'ono chabe. Yezani madzi odzadza botolo la Fanta lagalasi, lija la 300 ml, lotsukidwa bwino. Thiranimo theka la kasupuni ka tiyi ka mchere woyera wa m'paketi, osaunjika, musungunule. Sambani m'manja ndi sopo, thirani pang'ono pachikhatho, weramirani pabeseni, tsekani mphuno imodzi ndi chala n'kukoka madziwo pang'onopang'ono ndi inayo, kenako muwasiye atuluke. Chitaninso mbali inayo. Mukatero minani mofatsa, mphuno imodzi panthawi. Chitani kawiri kapena katatu patsiku, makamaka musanagone komanso mukachoka pafumbi. Madziwa muzikonza atsopano tsiku lililonse. Madzi a pachitsime kapena a kudambo osawiritsa asalowe m'mphuno mwanu. Mchere ukachuluka mumva kuwotcha, ndiye onjezerani madzi owiritsa.

Pogona kwezani mutu ndi mapewa. Ngati pilo mulibe, pindani bulangete kapena zitenje zingapo. Kugona chagada mutu uli pansi kumachititsa kuti magazi adzadze m'mphuno, komanso kuyambira miyezi isanu ndi iwiri timafuna muzigonera m'mbali chifukwa cha mwana. Imwani madzi okwanira. Madzi ofunda ofinyiramo ndimu, kaya mwaikamo uchi kapena kajinja pang'ono, alibe vuto. Kuyenda ndawala pang'ono madzulo fumbi likachepa kumatsegulanso mphuno kwa kanthawi.

Za kufukiza ndinenepo. M'zaka za 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid-19, ambiri tinaona anthu akufunda bulangete pamwamba pa poto wa masamba a bulugamu. Mayi wapakati asachite zimenezo. Kutentha kwa m'bulangetemo kumabweretsa chizungulire, ndipo mayi akakomoka amagwera m'madzi obwata. Ngati nthunzi imakuthandizani, ikani kabeseni ka madzi otentha patebulo, khalani pampando, pumani nthunziyo kwa mphindi zochepa osadzifundika, ana ali kutali. Vicks mukhoza kupaka pachifuwa. Musamulowetse m'mphuno, musamunyambite.

Tsono pali chizolowezi china chimene ndi chathuchathu kuno kwa alimi a fodya. Agogo akaona mdzukulu wawo akuvutika ndi mphuno amatulutsa kabotolo ka fodya wopera n'kunena kuti, "Tafwenkhako pang'ono, uyetsemule, zitseguke." Agogo amatero mwachikondi, koma chonde kanani mwaulemu. Fodya wa m'mphuno ali ndi nikotini ngati wa ndudu yemwe. Nikotini amafinya mitsempha imene imapititsa chakudya ndi mpweya kwa mwana kudzera mu nsengwa, ndipo mwana angathe kubadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Kuyetsemulako kukatha mphuno zimatupa kuposa poyamba.

Nikotini yemweyo amalowanso kudzera pakhungu. Mukamathyola fodya mmamawa masamba ali ndi mame, kapena mvula itangogwa kumene, madzi a pamasambawo amanyamula nikotini n'kulowa m'thupi. Munthu amamva nseru, mutu, chizungulire ndi kufooka. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi muno, lonena kuti patsiku lachinyezi mwana angathe kulowetsa nikotini wofika 54 mg, wofanana ndi wa ndudu 50. Khungu la mayi wapakati silisiyana ndi la mwanayo. Ngati n'kotheka, chaka chimene muli ndi pakati ntchito yothyola ndi kusoka fodya wamuwisi ichitidwe ndi ena. Ngati palibiretu wina, dikirani mame aume, valani malaya aatali manja, ndipo mukanyowa vulani msanga n'kusamba ndi sopo. Posankha fodya wouma khalani pamalo opita mphepo, mumange kansalu kumphuno. Musagone m'chipinda chimene mwaunjikamo fodya.

Chenjezo lina ndi la mbaula. M'nyengo yozizira ena amalowetsa mbaula yamakala m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo. Makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo mwana wa m'mimba ndi amene amayamba kuvutika. Wotherani panja kapena pakhonde, mbaula itsale komweko. Pophika, nkhuni zouma ndi chitetezo mbaula zimachepetsa utsi, ndipo khomo la khitchini likhale lotsegula.

Nanga mapilisi a chimfine? Ambiri mwa iwo ndi osakaniza mankhwala atatu kapena anayi m'pilisi limodzi. Muli ena otchedwa pseudoephedrine kapena phenylephrine, amene amatsegula mphuno pofinya mitsempha ya magazi. Vuto ndi loti safinya ya m'mphuno yokha. Amatha kukweza BP, ndipo sitiwafuna makamaka m'miyezi itatu yoyamba komanso kwa mayi amene magazi ake amathamanga kale. Mankhwala odonthezera kapena opopera m'mphuno a kufamase nawonso si ongogula. Adokotala akakupatsani, musapitirire masiku amene akuuzani, chifukwa mukawazolowera mphuno zimatseka kwambiri mukangosiya. Ngati vuto ndi kuyetsemula ndi kuyabwa chifukwa cha fumbi, kuchipatala kuli mankhwala ngati Piriton amene angakupatseni atakuonani. Makapisozi ogulitsidwa pamsika asiyeni. Chimfine wamba sichimva makapisozi, ndipo ena mwa iwo, monga doxycycline, amawononga mano ndi mafupa a mwana amene akuumbika.

Tsopano tibwere ku chiuno, msana ndi mawondo.

Thupi la mayi limayamba kukonzekera tsiku lochira kudakali miyezi yambiri. Mahomoni amafewetsa minyewa imene imamanga mafupa a m'chiuno kuti mwana adzapeze njira. Kufewako sikusankha malo, kumafika m'mawondo, mu akakolo ndi kumsana komwe. Pamwamba pa apo mayi amalemera ndi makilogalamu 10 mpaka 12 pofika kumapeto, ndipo katunduyo ali kutsogolo, ndiye msana umapindika kuti munthu asagwe. N'chifukwa chake mumamva kuwawa pachinena ngati fupa likufuna kung'ambika mukamakwera njinga, mukamatembenuka pamphasa, kapena mukaima ndi mwendo umodzi povala. Si nyamakazi, si kuti wina wakupondani. Kwa amayi ambiri zimachepa m'masabata kapena miyezi yochepa atachira.

Tsono taganizirani ntchito ya tsiku limodzi ya mayi wa kuno. Chigubu cha malita 20 chikadzadza madzi chimalemera makilogalamu 20. Mayi amachisenza kuchokera kumjigo kawiri kapena katatu, kumbuyo ali ndi mwana wa zaka ziwiri, m'mimba ali ndi wina. Akatula amapita kukapalira kapena kukabandira chowerama, madzulo amakhala pansi miyendo ili tambalale kusoka fodya mpaka mdima. Mafupa amene afewa kale akusenza zonsezi. Palibe pilisi limene lingagonjetse ululu ngati katunduyu sanachepe.

Choncho mankhwala oyamba ndi kuchepetsa katundu. Tungani theka la chigubu ngati palibe wokutungirani. Ponyamula chinthu pansi, pindani mawondo, chinthucho chikhale pafupi ndi thupi, osawerama ndi msana. Musanyamule mwana pachiuno cha mbali imodzi. Povala siketi kapena kabudula wamkati khalani pansi kaye. Podzuka pamphasa kapena pabedi, tembenukirani m'mbali mawondo ali pamodzi, kankhani ndi manja, kenako muimirire. Pa kabaza khalani chammbali, miyendo yonse mbali imodzi. Pochapa ndi potsuka mbale kwezani beseni pachitsa kapena pathandala kuti musawerame nthawi yaitali. Ntchito yokhala pansi muzichita muli pakampando kotsamira, ndipo muziimirira n'kuyendako pang'ono pakapita kanthawi.

Chitenje chimene muli nachocho ndi lamba wabwino. Chipindeni m'litali chikhale chotambalala ngati chikhatho ndi theka, muchizungulize m'chiuno kumunsi kwa mimba, pa mafupa penipeni, n'kumanga mogwira koma moti chala chizilowa. Osamanga pamimba. Ambiri amamva kupepuka nthawi yomweyo akamayenda. Pogona muzimasula, m'malo mwake ikani pilo kapena bulangete lopinda pakati pa mawondo.

Kuthowa kumathandiza. Viikani kansalu m'madzi ofunda, osati otentha moti n'kuwotcha, finyani, ikani pamsana kapena pabondo kwa mphindi 15. Pamimba musathowe. Bambo a kunyumba akhoza kukusisitani kumunsi kwa msana ndi mafuta wamba mofatsa. Mukamva dzanzi m'zala usiku, makamaka chala chachikulu ndi ziwiri zoyandikana nacho, kawirikawiri ndi madzi amene achuluka m'thupi akufinya mtsempha wa padzanja. Kusoka fodya ndi kutokosa chimanga kumawonjezera. Pumitsani manja, musagonere dzanja lopinda. Mwendo ukakokana usiku, uwongoleni n'kukokera zala za kuphazi chakumaso kwanu.

Kudya kulinso ndi mbali yake. Mwana akuumba mafupa ake kuchokera m'zimene mukudya. Usipa, matemba ndi bonya zodyera limodzi ndi minga yake, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, soya, nyemba, mazira ndi mkaka ukapezeka, zonsezi ndi zomanga thupi, ndipo zambiri timalima tokha kuno ku Kasungu. Mtedza ndi soya musagulitse zonse kwa mavenda, siyaniko za mayi wapakati. Mapilisi owonjezera magazi a kusikelo imwani tsiku ndi tsiku, chifukwa kuchepa kwa magazi kumabweretsa kufooka kumene ambiri amakutcha kuphwanya m'thupi.

Za mphini ndikupemphani mwapadera. Bondo likamawawa musalole kutemedwa. Lumo limatha kubweretsa kafumbata, HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo chilonda chopakidwa mankhwala akuda chimatukusira msanga. Mankhwala azitsamba akumwa nawonso asiyeni nthawi ino. Palibe amene amadziwa mlingo wake weniweni, ndipo ena amayambitsa matenda nthawi isanakwane.

Nanga ululu ukakula, mumwe chiyani? Panado. Dzina lake lina ndi paracetamol. Pilisi limodzi limakhala la 500 mg. Munthu wamkulu amamwa awiri nthawi imodzi, n'kudikira maola anayi mpaka asanu ndi limodzi asanamwenso, ndipo sapitirira mapilisi 8 pa maola 24. Kupitirira apo kumawononga chiwindi. Musaphatikize Panado ndi mapilisi a chimfine kapena a mutu a pagolosale, chifukwa ambiri ali kale ndi paracetamol m'kati. Imwani pamene mukufunikiradi, kwa masiku ochepa. Mukaona kuti masiku atatu atha mukumwabe, bwerani tikuoneni.

Ena munamva mphekesera imene inafala pa WhatsApp ndi pa Facebook mu Seputembala 2025, kuchokera ku America, yoti Panado amachititsa mwana kubadwa ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayankha mwezi womwewo kuti palibe umboni wotsimikizika wa zimenezo. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden, amene anatuluka mu 2024 ndipo anaona ana oposa 2 miliyoni, atayerekeza ana a mayi mmodzi sanapeze kuti Panado ndiye amayambitsa vutoli. Ndikutchula izi chifukwa ndikuopa kuti mayi wina asiya Panado n'kugula bulufeni poganiza kuti wasankha chabwino. Kumeneko ndiye kuthawa mvula n'kugwera m'chitsime.

Bulufeni, indosidi, diclofenac ndi asipilini wa mutu ndi a banja limodzi. Amathetsadi ululu wa m'mafupa kuposa Panado, n'chifukwa chake alimi amawakonda. Koma amadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana. Kuyambira chapakati pa mimba, madzi amene mwana amakhalamo ambiri mwa iwo ndi mkodzo wake womwe. Mankhwalawa amachepetsa ntchito ya impso za mwana, akodza pang'ono, madzi aja amachepa. Mwana amafuna madziwo kuti mapapo ake akule ndi kuti manja ndi miyendo zizitambasuka. Mu Okutobala 2020 bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linachenjeza amayi kuti apewe mankhwala a mtundu umenewu kuyambira masabata 20 a mimba, kutanthauza mwezi wachisanu. M'miyezi itatu yomaliza pali choopsa china. Pafupi ndi mtima wa mwana pali kamtsempha kamene kamayenera kukhala kotsegula mpaka atabadwa, ndipo mankhwalawa amatha kukatseka nthawi isanakwane. Amathanso kuchititsa mayi kutaya magazi ambiri pochira. Poti ambiri sitidziwa bwino sabata imene mimba yafika, lamulo losavuta ndi ili: muli ndi pakati, bulufeni ndi abale ake ayi, kupatula adokotala atakulemberani akudziwa kuti ndinu oyembekezera. Mafuta opaka okhala ndi diclofenac nawonso yambani mwafunsa.

Pali asipilini wina wamng'ono kwambiri amene achipatala amapereka kwa amayi ena pofuna kupewa vuto la BP ya mimba. Ameneyo ndi nkhani ina. Ngati anakulemberani, musasiye.

Ngati mwamwapo kale bulufeni kamodzi kapena kawiri musanadziwe, mtima ukhale m'malo. Siyani lero, ndipo mukabwera kusikelo mutiuze, mubweretse ndi kapepala kake komwe. Sitikukalipirani. Safunsa anadya phula.

Tsopano gawo limene ndikufuna mulisunge pamtima kuposa onse.

Kuno kwathu, mayi wapakati akamva kuphwanya m'thupi monse, mutu, kuzizidwa kapena kutentha thupi, timayamba taganiza malungo mpaka magazi atatiuza kuti ayi. Ngakhale mphuno zitatseka, ngakhale ana onse m'nyumba ali ndi chimfine, kayezetseni tsiku lomwelo. Kuyeza kwa pachala kumatenga mphindi 15 mpaka 20 basi. Kwa mayi wapakati tizirombo ta malungo timakabisala mu nsengwa. Timamaliza magazi a mayi, timachepetsa chakudya cha mwana, ndipo mimba imatha kuchoka kapena mwana kubadwa wonyentchera. Amene ali ndi mimba yoyamba ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Panado amatsitsa kutentha thupi koma sapha tizirombo. Mayi amamva bwino masana, madzulo zabwereranso, amwanso Panado, masiku atatu atha malungo akukula. Imwani Panado kuti thupi lizizire, inde, koma mumwe muli panjira yopita kuchipatala. LA wotsala wa mwana kapena wogula pamsika musamwe musanayezedwe.

Dziko lathu ndi limene linayamba pa dziko lonse, mu 1993, kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera pofuna kuwateteza ku malungo. Amayamba kuperekedwa miyezi itatu yoyamba ikatha, kenako mwezi ndi mwezi, ndipo timafuna mulandire kosachepera katatu musanachire. Amayi amene amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku limodzi ndi ma ARV salandira Fansidar, Bactrim yemweyo amawateteza. Neti ya kusikelo ndi yogonamo usiku uliwonse, ngakhale m'chilimwe, osati yotchingira nazale kapena anapiye.

Kupatula malungo, nyamukani tsiku lomwelo mukaona chimodzi mwa izi. Mutu waukulu wosamva Panado, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, kapena kuwawa pansi pa nthiti chakumanja: zimenezi zikhoza kukhala BP ya mimba, imene imagwetsa mayi ngati wakhunyu. Mwendo umodzi wokha kutupa, kutentha ndi kuwawa pakatumba: mwina magazi aundana mumtsempha, musausisite. Bondo kapena mfundo imodzi kutupa, kufiira ndi kutentha. Msana kuwawa mobwera n'kusiya, mobwera n'kusiya, mimba ikulimba, miyezi isanakwane: akhoza kukhala matenda oyamba msanga. Kuwawa m'mbali mwa msana pamodzi ndi kutentha thupi kapena kuwotcha pokodza. Kubanika, kupuma mothamanga, chifuwa cha masabata awiri kapena thukuta la usiku. Mamina achikasu kapena obiriwira ndi kuwawa kumaso kopitirira masiku 10. Kamfuno wosasiya mutatsina mphuno kwa mphindi 15 mutaweramira kutsogolo. Kutaya magazi kapena madzi kumusi. Mwana kusiya kusewera m'mimba monga amachitira masiku onse. Ndipo ngati muli ndi matenda a sickle cell, kuwawa kwa mafupa kulikonse ndi kwa kuchipatala, osati kwa pakhomo.

Pitani pachipatala chimene chili pafupi nanu, kaya ndi St Andrew's pa Mtunthama pompa kapena chipatala chaching'ono cha m'dera lanu. Akaona kuti vuto ndi lalikulu adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Kasungu. Kabuku kanu ka kusikelo kasatsale. Masiku ano timalimbikitsa kuti mayi aonedwe maulendo 8 pa mimba imodzi, kuyambira m'miyezi itatu yoyamba. Paulendo uliwonse nenani zonse zimene zikukuvutani, ngakhale zooneka zazing'ono, ndipo munene poyamba pomwe. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu nawonso alipo kuti muwafunse.

Azibambo, ndimalize ndi inu. Fodya mumamusamala kuyambira panazale: kuthirira mmawa ndi madzulo, kumuphimba ndi udzu, kudzuka usiku mvula ikamawomba chigafa. Mukudziwa kuti mbewu ikavutika ili yaing'ono, pamsika sikwera mtengo. Mayi akunyumba akamati chiuno chikuwawa, musawatumire mwana kugolosale kuti akagule bulufeni n'cholinga choti mawa alowe m'munda. Tengani chigubu mukatunge ndinu. Pezani waganyu wothyola fodya, kapena pemphani achibale. Patulani ndalama ya kabaza isungidwe payokha kuyambira lero, isadikire kuti mabelo agulitsidwe, chifukwa malungo ndi BP sizidziwa kuti msika sunatsegulidwe. Nanu apongozi, mukamva mpongozi wanu akudandaula, musamuuze kuti ife tinabereka khumi tikulima. Munavutika, tikudziwa, ndipo si onse a msinkhu wanu amene anapulumuka. Muthandizeni kuwiritsa madzi amchere, mumumangire chitenje m'chiuno, ndipo thupi likatentha mumuperekeze.

Amene mwawerenga, muwerengereni mnzanu amene alibe foni. Mukhale bwino nonse, inu ndi ana amene mwanyamulawo.